Tigule foni ya mapu kapena tiwonjezere feteleza?

Mlembi: Akuluakulu, ndalama ya nandolo ija ikadalipo. Ine ndikuti tigule foni yamakono imodzi ya kalabu yathu ya alimi, minda yathu yonse tiiike pa Google Maps. Ntchemberezandonda zikagwa m'munda wa wina, tiziika chizindikiro kuti anzathu a ku Lirangwe adziwe msanga.

Anaphiri: Pepani alembi, ine mbozi sindiyidziwira pa mapu. Ndimasuzumira mu mtima mwa chimanga, ndikaona zitosi zonga utuchi ndadziwa kale. Ndalamayo tiwonjezere thumba la Urea.

A Mbewe (Lunzu): Mayi, zanu nzoona, koma mvetserani zanga. Munda wanga wa kudambo ndakhala ndikuuwerengera maekala 2, aganyu ndimawalipiranso choncho. Mdzukulu wanga anazungulira malire ndi foni, unapezeka ekala imodzi ndi theka. Zaka zonsezi ndalama imangopita, feteleza ndimagulanso wopitirira. Foni ikanadzibweza yokha.

Msungichuma: Nanga bandulo azigula ndani mwezi ndi mwezi? Kwathu ku Kunthembwe netiweki timaipeza pokwera pachulu.

Mlembi: GPS, yomwe imaonetsa pomwe uli pa mapu, sidya bandulo. Mapu a dera lathu mutha kuwasunga m'foni mukapita ku Limbe, kumunda azigwira ntchito popanda intaneti. Bandulo imafunika posunga mapuwo m'foni, poona zithunzi za m'mwamba za minda ndi potumiza.

Anaphiri: Chabwino, koma zithunzi za m'mwambazo nzakale. Mwana wanga anandionetsa, munda wanga ukuoneka wa chilimwe, chigwembe chomwe namondwe wa Freddy anakumba mu Marichi 2023 palibepo.

A Mbewe: Ndiye ntchito yathu ili pomwepo mayi. Tiziyenda tokha, tiike chizindikiro pa chigwembe chilichonse, pomwe tabzala vetiva, pomwe akalozera anagwira madzi ndi pomwe anagumuka. Alangizi ali ndi midzi yambiri, njinga imodzi. Atafika n'kuona zonsezo pamodzi, sangataye tsiku kufunsa njira.

Msungichuma: Ine chondiopsa ndi kasungidwe. Wailesi ya kalabu ija inathera kunyumba kwa munthu mmodzi, mpaka lero. Ndipo magetsi tilibe, ndiye kasola kotchajira tikawerengere pamodzi ndi mtengo wa foniyo.

Anaphiri: Ngati tigule, izigona kwa amayi, osati kwa anyamata azikaonera mpira. Ndipo andiphunzitse kuika chizindikirocho ndi chala changa.

Mlembi: Ndamva. Loweruka ndikafunsa mitengo ya foni ndi sola ku Limbe, a msungichuma mufunse wa Urea ku Lunzu. Lachinayi tidzaika ziwirizi pambalimbali, mdzukulu wa a Mbewe abwere ndi foni yake tiyesere pamunda wa Anaphiri.