Ng'anzi kapena gondwa? Chithunzi chakale chandizunguza mutu

Mlimi wa ku Bangula: Abale, m'sutikesi ya malemu agogo ndapezamo tsamba lothothoka m'buku lakale, m'mbali mutadyedwa ndi chiswe. Pajambulidwa buluzi wamkulu, pansi palembedwa "Lacerta nilotica". Koma ndi wotuwa mbuu, pomwe ng'anzi zimene zimandibera mazira a abakha kuno kudambo zili ndi madontho achikasu. Si gondwa ameneyu?

Aphunzitsi opuma, Nsanje: Achimwene, kutuwako musakudalire. Ojambula akale ambiri ankaonera chikopa chouma kapena nyama yosungidwa m'botolo, itasuluka kale. Dzinalo ndi la ng'anzi, analipereka Linnaeus, katswiri wa zamoyo wa ku Sweden, mu 1766. Lero amati Varanus niloticus. Yang'anani mutu. Wa ng'anzi ndi wautali, wosongoka, zibowo za mphuno zobulungira. Wa gondwa ndi wonenepa, wobuntha, zibowo zong'alukira pafupi ndi diso.

Msodzi wa ku Elephant Marsh: Onaninso mchira, bambo. Wa ng'anzi ndi wautali, wophwaphwatika m'mbali ngati nkhafi, ndiwo imasambirira. Gondwa ndi wakumtunda, wonenepa thupi, mchira waufupiko.

Mlimi wa ku Bangula: Mutu ndi wosongoka ndithu. Koma mchirawo chiswe chinandidyera theka!