Ntchito yofufuza mbiri ya makolo, munthu angadyerepo kwathu kuno?

Nachisale22:
Abale ndithandizeni nzeru. Ndikumaliza digiri ya history chaka chino ndiye mtima wanga uli pa ntchito ngati ya Nick Barratt wa ku UK uja, anayambira ku Public Record Office kuwerenga mafailo akale kenako nkumafufuzira anthu kumene makolo awo anachokera pa pulogalamu ya BBC ija ya Who Do You Think You Are yomwe inayamba 2004. Ine ndikufuna zomwezo koma zakwathu, pa wailesi, mChichewa. Bambo akuti ndingokaphunzitsa basi zinazi sizidyetsa. Alipo anayesako? Ndiyambire pati?

Mlamu_wa_ku_Leeds:
Achemwali maganizo abwino zedi koma mudziwiretu kuti anzathuwa ntchito imawapepukira chifukwa mapepala alipo. Ku England anayamba kulembetsa kubadwa, ukwati ndi imfa mu 1837, kalembera wokhala ndi maina a anthu nyumba ndi nyumba kuyambira 1841, ndiye munthu amangotsata mzere mpaka kwa agogo a agogo ake. Ine ndinapitako ku Kew, ku London, komwe amasunga mafailo akale a boma la UK, kukaona mafailo a Nyasaland, amawatcha CO 525, ndinakhala tsiku lonse koma zambiri ndi makalata a bwanamkubwa kulembera London. Munthu wakuda dzina lake limatulukira pakakhala mlandu kapena nkhani ya ufumu, ena onse amangolowa mchiwerengero cha msonkho. Zinandiwawa.

Gogo Chalo:
Mwana wanga musagwe mphwayi. Yambirani ku National Archives ku Zomba, ngakhale zambiri zakale zenizeni zinapsa ndi moto wa 1919 umene unaotcha maofesi a boma komweko, komabe mabuku amene ma DC ankalemba za maboma awo alipo ndipo muli mayina a mafumu ndi mmene midzi inasamukira. Musaiwalenso Society of Malawi pa Mandala ku Blantyre. Koma chuma chenicheni chili mmatchalitchi, mabuku a ubatizo a ku mishoni, ine dzina la mayi awo a bambo anga ndinalipeza mmenemo, lolembedwa ndi inki yofufuma, ndinalira misozi pamaso pa abusa. Amalume anga anapita ku Joni ndi Wenela osabwerako, tinkangoti matchona, ndipo mabanja otere ndi ambirimbiri mpaka pomwe Kamuzu analetsa ulendowu ndege itagwa ku Francistown mu 1974. Amenewa ndi anthu amene angatchere khutu pulogalamu yanuyo sabata ndi sabata.

Chinthu chimodzi, musathamangire mapepala agogo akadali moyo. Failo idikira, gogo sadikira. Tengani foni mukawajambule mawu, afunseni mfunda, mudzi umene anachoka, anakwatiwa kwa yani, manda ali kuti. Kwa ife a Chichewa tsatani mbali ya mayi, mukatsata bambo okha musokera.

Chiko_FM:
Za ndalama bambo sakunama, poyamba simudyerapo. Phunzitsani kaye kwinaku mukujambula, mukakhala ndi nkhani zisanu zokonzeka pitani nazo ku wailesi ya mdera lanu, amafuna mapulogalamu a mchinenero chathu. Koma banja lizivomereza kaye musanaulutse, nkhani za ufumu ndi malo zimayambanitsa anthu.

Nachisale22:
Zikomo nonse. Agogo anga aakazi ali ku Ntcheu, Loweruka lino ndikwera minibasi, foni ndatchaja kale. Gogo Chalo mundiuzeko, ku tchalitchiko munayamba mwalemba kalata kapena munangofika?