Za thanki ya njinga yamoto ija, nazi zomwe zachitika

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa zokulitsa thanki kuti ndiziyenda mtunda wautali osathiranso mafuta. Ena munati ndikawotcheretse thanki ikule, ena ndigule yaikulu, koma ine ndinatsatira aja anati ndiyambe ndaona kaye chomwe chikudya mafuta.

Ndinapopa matayala mpweya wokwanira, kusintha air filter (sefa ya mpweya wolowa mu injini), tcheni kuithira oyilo, koma nkhani yaikulu ndi sipidi abale, ukathamanga kawiri kuposa poyamba mphepo yokukankha imachuluka kanayi ndiye injini imangomwa petulo, panopa ndikuyenda mofatsa ndipo reserve (mafuta otsiriza otsalira pansi pa thanki) ikumafika mochedwa ndithu.

Zowotcherera zija ndinakana, thanki ngakhale ioneke youma nthunzi ya petulo imatsalira ndipo imaphulika. M'malo mwake ndinagula chigubu chachitsulo chosungira mafuta cha malita 5, ndimachimangirira kutali ndi ekizozi. Dziwani kuti lita imodzi ya petulo imalemera pafupifupi magalamu 750, katunduyo amamveka pokhota.

Musanagule chilichonse dzadzani thanki, yendani, dzadzaninso kenako gawani makilomita mwayendawo ndi malita mwathirawo kuti mudziwe mtunda womwe mukuyenda pa lita imodzi. Osadzadza mpaka pakamwa, petulo amafufuma kukatentha.