Maliro mawa kupitirira Namwera, mwana ali ku Joni

Uku ndi kukambirana kwa ojambula a ku Mangochi kumayambiriro kwa chaka cha 2021, nthawi ya malamulo a Covid-19.

Wa pa Boma: Akuluakulu anzanga ojambula, ndipatseni nzeru usiku uno. Mawa kuli maliro a mayi wina kumudzi kupitirira Namwera. Amwalira ndi Covid-19, ndipo azaumoyo anena kuti thupi likachoka kuchipatala lipita kumanda osalowa m'nyumba. Mwana wawo wachisamba ali ku Johannesburg, sangafike. Wanditumizira ndalama pa Mukuru kuti aone mayi ake akutsitsidwa. Pa foni analira mpaka ine ndinasowa chonena. Koma kumeneko netiweki ndi yodukaduka. Ndipange Facebook Live?

Wa ku Monkey Bay: Facebook Live ayi achimwene. Imameza bandulo, ndipo ikaduka mumayambiranso. Chinanso, anthu osawadziwa malemu amayamba kulembapo zawozawo. Imbani WhatsApp ya vidiyo. Imalola anthu angapo nthawi imodzi, ndiye ngati kuli abale ena ku Durban kapena ku Lilongwe alowe momwemo.

Wa ku Namwera: Nyamukani m'mamawa, muli ndi simu ya TNM ndi ya Airtel, mukayese zonse ziwiri musanayambe. Manda athu kuno amakhala m'mitengo yowirira, netiweki imathawa mukangolowa. Mukapeza pamene ikugwira, kaya pachulu, ikani foni ina pamenepo ndi hotspot, inu muziyenda ndi inayo. Pawabanki yodzadza musaiwale.

Mayi wa ku Malindi: Ana anga, mwayamba ndi mafoni, mwaiwala amfumu. Kumanda sikulowedwa ndi kamera ngati paukwati. Mukafika, pitani kaye kwa mwinimbumba, iye akutengereni kwa amfumu, adzukulu nawonso auzidwe. Chiyambireni pa 12 Januwale 2021 pomwe tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, azaumoyo sakunyengerera. Anthu asapyole 50, ndipo inu muli m'gulu lomwelo. Mnyamata wanu wonyamula zikwama asiyeni, malo akewo akhale a mbale.

Sabata yatha ndinajambula maliro otere. Mtsikana wa ku Cape Town anali pa foni, chithunzi chikuima n'kuyenda, koma atangomva amayi a kwaya akuyimba nyimbo yomwe bambo ake ankaikonda, analira mokuwa, azakhali ake pasiwa nawo n'kuyamba. Ndinaona kuti mawu ndiwo amamufikitsa munthu pamaliro. Chithunzi chikavuta, tsekani vidiyo, mawu apitirire. Ndipo foni muziigwira m'munsi, pachifuwa, musaikweze pamitu ya anamfedwa.

Wa pa Boma: Mayi, mwandikhudza. Nanga mwana wa ku Joniyo akafuna kulankhulapo?

Mayi wa ku Malindi: Pemphani abusa ampatse mpata akatha kuwerenga mbiri ya malemu. Tengani kasipika kakang'ono, foniyo muipukute ndi sanitaiza, igwiridwe ndi inu nokha. Wina wa pabanja aponye dothi m'dzina lake, inu muonetse dzanjalo pafupi.

Wa ku Monkey Bay: Kamera yaikulu ikhale pa thirayipodi ikujambula zonse payokha. Netiweki ikakana, madzulo mudule tizidutswa n'kumutumizira. Osaika pa peji ya bizinesi, ngakhale kachithunzi kamodzi.

Wa pa Boma: Ndabwerako akuluakulu. Amfumu analola popanda vuto. Netiweki inaduka kawiri, ulendo wachiwiri bokosi likutsika kumene, ndiye ndinatseka vidiyo monga munanenera mayi, ndipo mwana uja anamva dothi loyamba likugwa. Mlongo wake wamng'ono ndi amene anamuponyera. Wa ku Joniyo analankhula mawu ochepa, anati "amayi, mundikhululukire sindinabwere," kenako mawu anamuthera, abusa n'kudzutsa nyimbo. Ndikudula tizidutswa panopa. Achimwene a ku Monkey Bay, ndichepetse bwanji kukula kwa vidiyo kuti idutse pa WhatsApp mawu osawonongeka?