Zithunzi za Zomba: tijambulitse malo ati?

Wapampando: Moni nonse akuluakulu. Mnyamata wathu uja anaphunzira zojambulajambula ku Chanco wavomera kujambula Zomba ndi penti pansalu, zithunzi 12, chimodzi mwezi uliwonse. Akungopempha ya penti, nsalu ndi yoyendera. Tiyeni timve maganizo.

Msungichuma: Zikomo a Wapampando. Thumba lomweli ndi limene tinalonjeza kuti likonza mjigo. Amayi akumudzi akamva kuti tagula penti mjigo uli chiferecho, tikawayankha chiyani?

Achimwene a ku Johannesburg: Mjigo ukonzedwe, palibe akukana. Koma zithunzizo zibweza ndalama. Ajambule malo oonerapo patali a pa phiri la Zomba monga Emperor's View pomwe anaima Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965, ndi Queen's View, komanso mathithi a Williams, ndi nyumba ya malamulo yakale ija. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, alendo amagula zoterozo.

Aphunzitsi opuma a ku Matawale: Achimwene, malo mwatchulawo adzadza kale m'makalendala. Ine pempho langa ndi lina. Mnyamatayu asankhe malo atatu kapena anayi okha, aziima pomwepo nyengo ikamasintha. Phiri la Zomba mu Febuluwale, lili biriwiri, nkhungu itakuta pamwamba, si lomwe timaliona mu Okutobala utsi wa moto wolusa uli tolotolo, mbali zina zili mbee pomwe anadula mitengo ya paini. Apitenso ku Kachulu, doko la pa nyanja ya Chilwa. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995, inaphwanso mu 2018, mabwato n'kutsala pamatope, asodzi a matemba kusowa kolowera. Lero madzi anabwerera ndipo adzukulu anga sakhulupirira ndikamawauza. Pa nthawi ija bwenzi pali wina atajambula. Ajambulenso mtsinje wa Likangala mmene unasiyidwira ndi namondwe wa Freddy mu 2023, ndi phiri la Sadzi lomwe anthu a kumeneko avutikira kubwezeretsamo mitengo.

Achimwene a ku Johannesburg: Aphunzitsi, ndiye tikaonetse anthu phiri ladazi? Angapachike chimenecho pabalaza ndani?

Aphunzitsi opuma a ku Matawale: Ndipachika ineyo. Madzi amene timamwa m'tauni muno amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri lomwelo. Mwana wa sukulu akaona zithunzi ziwiri zitayandikana, china cha nkhalango china cha zitsa zokhazokha, amvetsa msanga kuposa ine kumuphunzitsa teremu yonse.

Amayi a ku Chinamwali: Ndili mbali ya aphunzitsi, koma musaiwale anthu. Zomba si mapiri okha. Anyamata otsika ndi nkhuni panjinga, ana ogulitsa sitiroberi m'mbali mwa msewu wa Ku Chawe, amayi a mpunga pamsika wa Songani, aonekemo ndithu ngakhale patali.

Msungichuma: Chabwino, ndafewa. Koma tichite motere: mjigo uyambe mwezi uno. Wojambula timupatse ya zithunzi zitatu kaye, tizione. Zenizenizo tisagulitse, zikhale za gulu, zizizungulira m'masukulu. Tisindikize makalendala ndi makadi, ndalama zake zibwerere m'thumba.

Achimwene a ku Johannesburg: Ndavomera, bola Emperor's View ikhalepo. Makalendala a kuno ndigulitsa ndekha.

Wapampando: Ikhalapo achimwene, ndipo ikhala amodzi mwa malo obwerezabwereza aja, chifukwa ukaima pamenepo kukayera bwino Chilwa ndi Mulanje zimaoneka. A Mlembi, lembani kalata ya mgwirizano ndi wojambulayo, tiivotere Loweruka.