Buleki ya kutsogolo ikumafewa potsika phiri

Wakabaza wa ku Zomba: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikamatsika phiri pa njinga yamoto nditanyamula munthu, chogwirira cha buleki ya disiki chimafewa mpaka kufika pachiwongolero, ngakhale kuti mapadi ndinasintha mwezi watha. Vuto lingakhale chiyani?

Makaniko: Achimwene, mafuta a buleki akakhalitsa amayamwa chinyezi, ndipo akatentha amawira, buleki n'kusiya kugwira. Akhetseni onse, muthire atsopano a mtundu wolembedwa pachivundikiro cha kathanki ka mafutawo, kaya DOT 3 kapena DOT 4, kenako mutulutse mpweya pa kabawuti ka pa kalipa (chitsulo chopanitsa mapadi pa disiki) mpaka thovu litasiya kutuluka.

Mnzanu wapamsewu: Muonenso ngati foloko (mashoko ogwira tayala la kutsogolo) ikudontha, chifukwa oyilo akalowerera m'mapadi, kutsuka sikuthandiza.

Wakabaza wa ku Zomba: Zikomo kwambiri. Ndatsegula chivundikirocho, ndipo mafutawo ndawapeza atada ngati tiyi wopanda mkaka.