Akubwera kudzayendera ntchito yathu, koma malisiti ena tilibe

Mlembi wa gulu, Bangwe:
Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa. Gulu lathu la amayi limayendetsa sukulu ya mkombaphala, ndipo bungwe lina lothandiza magulu a m'madera linatipatsa gawo loyamba la ndalama zomangira khitchini. Tsopano atilembera kuti abwera Lachiwiri kudzaona ntchito ndi mabuku asanatulutse gawo lachiwiri, koma mchenga ndi njerwa tinagula kwa anthu amene sapereka malisiti. Msungichuma sakuyankha foni, chikhalirecho buku lili kwa iyeyo, ndipo amayi ena amene sanatungeko n'komwe madzi pomanga akufalitsa kuti ndadya ndalama, pamene ine ndinkalipira ndekha minibasi popita ku Limbe kukafunsa mitengo ya malata. Kodi titani?

Bambo wa ku Ndirande:
Mayi, vuto si inu ayi, vuto ndi mabungwewa. Ife anatipatsa ndalama kwacha isanagwe mu Novembala 2023, ndipo itagwa ndi 44 peresenti simenti inakwera, koma iwo anaumirira bajeti yakale ngati kuti sakhala m'dziko muno.

Mphunzitsi wopuma, Chilomoni:
Bambo, nkhani ya mayiwa ndi ya malisiti. Mayi, bwererani kwa ogulitsawo, mulembe pepala losonyeza tsiku, katundu ndi ndalama zimene analandira, ndipo asaine kapena kudinda chala pamaso pa mboni. Mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba nawonso musawafufute.

Bambo wa ku Ndirande:
Aphunzitsi, mapepala amenewo ife tinalemba, koma anawakana. Munthu wochokera mu ofesi sadziwa kuti wokumba mchenga mu mtsinje wa Mudi alibe chidindo.

Mayi wa ku Chilobwe:
Ine ndikudzudzula komiti yanu. N'chifukwa chiyani buku likusungidwa ndi munthu mmodzi? Kwathu mabuku onse anapita ndi matope a namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, ndipo chimene chinatipulumutsa ndi zithunzi zimene wachiwiri kwa mlembi anali atajambula pa foni.

Bambo wa ku Ndirande:
Zithunzi sizigula simenti, mayi. Ndikubwerezanso kuti mabungwewa aziyamba afunsa mitengo pamsika asanabwere kudzawerenga njerwa za anthu osauka.

Mlangizi wa zachitukuko, Machinjiri:
Bambo, ndalamazo ndi za anthu ena amene anapereka, ndipo bungwelo nalonso limafunsidwa mmene zayendera. Oyendera amafananiza bajeti, sitetimenti ya ku banki ndi zimene aona pamalopo, amawerenga kaundula wa ana, ndipo amacheza ndi makolo komanso amfumu. Mayi a ku Bangwe, kodi mgwirizano umene munasaina ukunena chiyani za malisiti, nanga ndalama zonse zinapita ku khitchini?

Mlembi wa gulu, Bangwe:
Zikomo nonse. Msungichuma uja ndamuona dzulo kumsika, koma atandiona anakhotera njira ina.